Galimoto ya Otomatiki Ikamavuta Kusintha Magiya: Kufufuza Vuto Giyabokosi Isanatsitsidwe

Gawo lalikulu la magalimoto ang'onoang'ono amene alowa m'Malawi zaka zapitazi ndi lochokera ku Japan, kumene anayendapo kale, ndipo ambiri mwa iwo, monga Toyota Vitz, Passo, Sienta, Nissan Note ndi Honda Fit, ndi a otomatiki, kutanthauza kuti amasintha okha magiya popanda dalaivala kuponda klatchi. Magalimotowa achuluka mofulumira kuposa mmene luso lowakonza lafalikira, chifukwa amakaniko ambiri anaphunzirira ntchito pa magalimoto a manyuwo, amene giyabokosi yake munthu angathe kuiphwasula n'kuona ndi maso dzino limene lathyoka. Zotsatira zake n'zakuti galimoto ya otomatiki ikangoyamba kuchedwa kulowa giya, kugunda posintha, kapena kukakamira pa giya imodzi, chigamulo chimene mwini wake amamva msanga n'chakuti giyabokosi yatha ndipo pagulidwe ina. Chigamulochi nthawi zina chimakhala choona, koma kawirikawiri chimaperekedwa pasanayesedwe chilichonse, pamene zizindikiro zomwezo zikhoza kubwera chifukwa cha oyilo wochepa, waya wothothoka, batire lofooka, ngakhalenso injini imene ili ndi vuto lakelake.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake zinthu zosiyana chonchi zimabala chizindikiro chimodzi, ayenera kudziwa kaye mmene giyabokosiyo imagwirira ntchito. Luso lake si latsopano, pakuti kampani ya General Motors ya ku America inaika giyabokosi yotchedwa Hydra-Matic m'magalimoto a Oldsmobile a chaka cha 1940, ndipo mfundo yaikulu, yoti magiya azisinthidwa ndi mphamvu ya oyilo wopopedwa, idakalipo mpaka lero. M'malo mwa klatchi, pakati pa injini ndi giyabokosi pamakhala torque converter, chiwiya chachitsulo chobulungira chodzaza ndi oyilo, chimene mkati mwake muli magudumu a mapiko oyang'anizana: la mbali ya injini likamazungulira limaponya oyilo pa la mbali ya giyabokosi, nalonso n'kuyamba kuzungulira. N'chifukwa chake galimoto imatha kuima pa maloboti ili m'giya koma injini osazima. Kuseri kwa chiwiyachi kuli magiya amene mano ake amakhala olumana nthawi zonse, ndipo liwiro limasintha malinga ndi gawo limene lagwidwa kuti lisazungulire ndi limene lasiyidwa. Ntchito yogwirayi imachitidwa ndi timbale topyapyala ta klatchi tosanjikizana, timene timapanikizidwa ndi oyilo. Oyiloyo amachokera ku pampu yoyendetsedwa ndi injini n'kudutsa mu valve body, chitsulo chokhala ndi tinjira ndi mavalavu ambirimbiri, ndipo amene amatsegula ndi kutseka tinjirato ndi masolenoid, omwe ndi mavalavu oyendera magetsi. Pamwamba pa zonsezi pali kompyuta, imene imasankha nthawi yosinthira giya potengera mauthenga a masensa, tizipangizo toyeza liwiro la galimoto, mmene dalaivala wapondera moto, kutentha kwa injini ndi kwa oyilo, ndiponso pamene ndodo ya giya yaikidwa.

Motero kuti giya imodzi ilowe bwino pamafunika uthenga wolondola wamagetsi, oyilo wokwanira wokhala ndi mphamvu yoyenera, ndi zitsulo zosaperepeseka. Uthenga ukasokonekera kapena oyilo akafooka, zitsulo zabwinobwino zimachita ngati zatha, ndipo munthu amene ali pa chiwongolero sangathe kusiyanitsa. Kufufuza kwanzeru kumayambira pa magetsi ndi oyilo, chifukwa kuziyesa n'kotsika mtengo ndipo sikufuna kutsitsa chilichonse.

Zisanafike pamenepo, mtundu wa giyabokosi uyenera kudziwika, popeza dzina loti otomatiki likuphimba makina osiyana kwambiri. Magalimoto ambiri a ku Japan opangidwa pambuyo pa chaka cha 2000, kuphatikizapo Honda Fit yoyamba ya 2001 ndi ma Toyota Vitz ochuluka a kuyambira 2005, ali ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene ilibe giya yoyamba, yachiwiri kapena yachitatu, koma lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amatha kupanikizana kapena kutakasuka, kotero kuti liwiro limakwera mosadukiza. Dalaivala wozolowera kumva magiya akusintha akhoza kudandaula kuti giyabokosi ikuterereka akamva injini ikulira pamalo amodzi galimoto ikuwonjezerabe liwiro, chikhalirecho ndi mmene inapangidwira. Ina ndi DSG ya kampani ya Volkswagen, imene inayamba kugulitsidwa mu 2003, yomwe mkati mwake ili ngati giyabokosi ya manyuwo yokhala ndi maklatchi awiri oyendetsedwa ndi kompyuta. Njira yoyesera mtundu umodzi, ngakhalenso oyilo wake, sizigwira ntchito pa mtundu wina.

Umboni woyamba umachokera kwa dalaivala, ndipo mawu oti galimoto ikuvuta magiya ndi osakwanira. Chofunika kudziwa n'chakuti vutolo limabwera m'mawa injini ili yozizira kapena galimoto itayenda mtunda wautali, limachitika pa giya iti, limaoneka pa chitunda pokha kapena ponseponse, ndiponso ngati pali nyali imene imayaka pa dashibodi. Mayankho a mafunso amenewa amachepetsa kwambiri malo ofufuzamo. Kuchedwa kulowa mu D kapena mu R, mwachitsanzo, kuli ndi muyeso wake: pa magiyabokosi ambiri a Toyota a magiya anayi, oyilo ali wotentha, giya ya D iyenera kugwira pasanathe masekondi 1.2 kuchokera mu N, ndipo ya R pasanathe masekondi 1.5. Galimoto imene imachedwa m'mawa mokha n'kukhala bwino ikatentha kawirikawiri imakhala ndi oyilo wochepa kapena timalabala ta mkati timene taumirira ndi ukalamba. Imene imayamba bwino koma n'kusokonekera itayenda kwa theka la ola ikusonyeza kuti oyilo akatentha n'kupepuka akupulumukira m'malo operepeseka, kapena kuti pali solenoid kapena sensa imene imalephera ikamva kutentha.

Kuterereka, kumene ndi kukwera kwa kulira kwa injini popanda liwiro kuwonjezereka, nako kumawerengedwa mosiyana malinga ndi pamene kukuchitikira. Kukakhala pa giya imodzi yokha, monga pochoka pa yachiwiri kupita pa yachitatu, chikayikiro chimagwera pa timbale ta klatchi ta giya imeneyo kapena solenoid yake. Kukakhala pa magiya onse, vuto limakhala pa chinthu chimene magiya onse amadalira, chomwe ndi oyilo, fyuluta yake kapena pampu. Kugunda posintha giya kumaopsa anthu kuposa kuterereka, koma nthawi zambiri ndiko kopepukirapo, chifukwa kompyuta ikataya uthenga wa sensa ina imakweza dala mphamvu ya oyilo pofuna kuteteza timbale ta klatchi kuti tisapse, ndipo magiya amalowa mwankhanza ngakhale mkati mulibe chothyoka. Chimodzimodzinso galimoto imene yakakamira pa giya imodzi, kawirikawiri yachitatu, imene imalemera ponyamuka ndipo injini yake imalira kwambiri pa msewu waukulu: imeneyi yalowa m'njira yodzitetezera, imene opanga anaikamo kuti galimoto ikafike ku galaja. Ikamabwerera mwakale dalaivala akazimitsa injini n'kulizanso, chimenecho ndi chisonyezo champhamvu chakuti gwero la vutolo lili ku magetsi.

Oyilo ndiye ayenera kuonedwa choyamba, ndipo pamenepa ndi pamene zolakwika zambiri zimachitikira, chifukwa sayezedwa ngati wa injini. Pa magalimoto ambiri okhala ndi kandodo koyezera, galimoto iyenera kuyenda kaye mpaka itenthe, iime pamalo athyathyathya, ndodo ya giya idutsitsidwe m'malo onse n'kubwezeredwa mu P, ndipo oyilo ayezedwe injini ikulira, potsatira mizere yolembedwa HOT. Magalimoto ambiri a Honda a otomatiki wamba ndi osiyana, pakuti amayezedwa injini itangozimitsidwa kumene. Munthu woyeza injini ili yozizira ndiponso yozima amaona oyilo wooneka wochuluka, popeza amene amayenera kukhala m'tinjira amakhala atatsikira pansi, ndipo akhoza kunena kuti zonse zili bwino pamene giyabokosi ikuperewera. Kuchulutsa nakonso n'koipa, chifukwa zitsulo zozungulira zimatakasa oyiloyo mpaka achite thovu, ndipo thovu silingapanikize klatchi. Magalimoto ambiri atsopano alibiretu kandodoka. Oyilo wake amayezedwa potsegula kabawuti ka pansi kapena ka m'mbali pa mlingo wa kutentha umene opanga ananena, ntchito imene imafuna makina owerengera kutenthako. Oyilo wa giyabokosi satha ndi kupsa monga mmene wa injini amachitira, choncho akapezeka wochepa ndiye kuti penapake pakudontha, kaya pa gasiketi ya chibekete cha pansi, pa mapaipi opita ku rediyeta kapena pa malabala a mashafuti a kumatayala, ndipo kungowonjezera popanda kutseka podonthapo n'kungochedwetsa vuto.

Maonekedwe ndi fungo la oyilo zimanena zambiri kwa munthu amene wadontheza pang'ono pa pepala loyera. Oyilo wa otomatiki wamba, wotchedwa ATF, amakhala wofiira ndi woonekera akakhala watsopano, n'kumaderako pang'onopang'ono ndi zaka. Wakuda bii wonunkha chopserera amasonyeza kuti timbale ta klatchi tatenthedwa. Wooneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka ndiye woopsa kwambiri, chifukwa amatanthauza kuti mwalowa madzi, ndipo madzi amamatula chikopa chimene chimamatidwa pa timbale tija. Madziwo amalowa m'njira ziwiri: pamene galimoto yawoloka madzi akuya nthawi ya dzinja, kapena pamene kapaipi koziziritsira oyilo, kamene pa magalimoto ambiri kamadutsa mkati mwa rediyeta ya injini, kabooka ndi dzimbiri. Kufiira si muyeso wa magiyabokosi onse, pakuti oyilo wa CVT amakhala ndi mitundu ina, ndipo wa Nissan wotchedwa NS-2 ndi wobiriwira.

Mtundu wa oyilo ndi nkhani imene imapeputsidwa kwambiri, mwina chifukwa chakuti m'mashopu ambiri wogula amangofunsa ATF n'kupatsidwa botolo lililonse lofiira. Komatu Dexron, amene General Motors inayambitsa mu 1967, ndi wosiyana ndi T-IV kapena WS wa Toyota, ndi wosiyananso ndi DW-1 wa Honda, ndipo onsewa sayenera kuthiridwa mu CVT, imene imafuna oyilo wothandiza lamba kugwira mapule mosaterereka, monga NS-2 ndi NS-3 wa Nissan kapena TC ndi FE wa Toyota. CVT yothiridwa ATF wamba ikhoza kuyenda kwa kanthawi, kenako lamba n'kuyamba kukanda mapule, ndipo zikafika pamenepo kusintha oyilo sikubweza chimene chawonongeka. Choncho funso loti ndi oyilo wanji anathiridwa komaliza, ndipo vuto linayamba liti poyerekeza ndi tsikulo, ndi limodzi mwa mafunso opindulitsa kwambiri pa kafukufuku yense. Dzina la oyilo woyenera limalembedwa m'buku la galimoto, ndipo nthawi zambiri limapezekanso pa kandodo koyezera.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti kusintha oyilo wa galimoto yakale kumapha giyabokosi. Chimene chimachitika kwenikweni n'chakuti anthu ambiri amakumbukira zosintha oyilo giyabokosi itayamba kale kuterereka, ndipo ikafa patapita masabata ochepa mlandu umagwera oyilo watsopano. Kusintha pa nthawi yake, pogwiritsa ntchito mtundu woyenera, kumatalikitsa moyo wa giyabokosi, koma oyilo alibe mphamvu yobwezeretsa timbale timene tapsa kale.

Oyilo akapezeka kuti ali bwino, maso ayenera kutembenukira kunja kwa giyabokosi. Pa magalimoto ambiri kompyuta siilola giya yomaliza kulowa mpaka injini itatentha mokwanira, ndipo apa pali mgwirizano ndi chizolowezi chimene chilipo m'magalaja ena chochotsa thermostat, kavalavu kamene kamatsekereza madzi kuti injini ifunde msanga, poganiza kuti m'dziko lotentha n'kosafunika. Injini yopanda kavalavuka imachedwa kufunda, makamaka m'miyezi ya June ndi July, ndipo galimoto imayenda mtunda wautali isanalowe giya yapamwamba, mwini wake n'kumaganiza kuti giyabokosi yayamba kufa. Batani la O/D OFF, limene lili pa ndodo ya giya ya magalimoto ambiri a magiya anayi, likadinidwa mwangozi limatsekanso giya yachinayi. Pulagi kapena koyilo yofooka imachititsa galimoto kunjenjemera pokwera chitunda mofanana kwambiri ndi torque converter yowonongeka. Malabala ogwira injini akang'ambika, galimoto imagunda polowa mu D kapena mu R. Batire lofooka, alitaneta yosatchaja bwino ndi waya wa ethi wa dzimbiri zimasokoneza masolenoid ndi kompyuta yomwe. Ndodo ya giya ikakana kuchoka mu P, kawirikawiri vuto limakhala pa kaswitchi ka nyali za mabuleki kapena fyuzi yake, chifukwa ndodoyo imamasuka pokhapokha galimoto itadziwa kuti buleki yapondedwa. Kuona ngati nyali za kumbuyo zikuyaka ndi ntchito ya mphindi imodzi. Galimoto imene imakana kulira ili mu P koma n'kulira ili mu N imaloza ku switchi yodziwitsa pamene ndodo ili, kapena ku chingwe cha ndodoyo chimene chasuntha.

Kompyuta nayo imasunga mbiri ya zimene yaona. Pa ma Toyota akale nyali ya O/D OFF imaphethira pakakhala vuto, pa ma Honda imaphethira ndi ya D, ndipo pa magalimoto ena imayaka ndi nyali ya injini. Mbiriyo imawerengedwa polumikiza makina ku soketi ya mabowo 16 imene ili pansi pa dashibodi, potsatira dongosolo la OBD-II, limene linakhala lokakamiza pa magalimoto ogulitsidwa ku America kuyambira mu 1996 ndipo kenako linafalikira kwina. Zimene zimatuluka ndi manambala: P0715 ikunena za sensa yoyeza liwiro lolowa m'giyabokosi, P0720 za yoyeza liwiro lotuluka, P0750 za solenoid yoyamba yosinthira magiya, P0741 za klatchi ya mu torque converter, ndipo P0730 ikutanthauza kuti liwiro lolowa ndi lotuluka sizikugwirizana ndi giya imene yalamulidwa, chimene chimachitika giyabokosi ikamaterereka. P0700 payokha imangodziwitsa kuti kompyuta ya giyabokosi ili ndi dandaulo limene liyenera kuwerengedwa padera, ndipo timakina totchipa tambiri timathera pomwepo chifukwa timangolankhula ndi kompyuta ya injini.

Nambala yotere imaloza dera, siitchula chipangizo choti chigulidwe. P0750 ikhoza kubwera solenoid itapsa, koma ikhozanso kubwera waya wake atadyedwa ndi makoswe kapena pulagi yake italowa madzi, ndipo makaniko wosamala amayeza waya ndi solenoidyo ndi mita asanatume munthu kukagula chilichonse. Kufufuta manambala asanalembedwe penapake, monga amachitira ena pofuna kuti nyali izime mwini galimoto asangalale, n'kutaya umboni. Makina abwino amathanso kuonetsa zimene zikuchitika galimoto ikuyenda, ndipo apa ndi pamene mlandu umagamulidwa bwino: ngati kompyuta siikulamula n'komwe giya yachitatu, vuto lili ku mauthenga amene ikulandira, koma ngati ikulamula ndipo giyayo siikugwira, vuto lili ku solenoid, ku valve body kapena ku timbale ta klatchi.

Mayeso otsala ndi a ku galaja. Geji yolumikizidwa pa kabowo ka m'mbali mwa giyabokosi imaonetsa mphamvu imene pampu ikupereka, ndipo nambalayo imayerekezedwa ndi ya opanga. Palinso kuyesa koponda buleki mwamphamvu ndi moto wonse nthawi imodzi galimoto ili m'giya, pofuna kuona pamene kulira kwa injini kuimire: kukapitirira muyeso ndiye kuti klatchi ikuterereka, kukaperewera ndiye kuti injini ndi yofooka kapena torque converter ili ndi vuto. Kuyesaku sikuyenera kupitirira masekondi 5 chifukwa kumatenthetsa oyilo mofulumira kwambiri, ndipo si koti mwini galimoto achite pakhomo. Pomaliza amamasula chibekete cha pansi, m'mene muli maginito ogwira zinyenyeswa. Phala losalala lotuwa pa maginitowo ndi la masiku onse, koma tizidutswa tachitsulo tomveka ndi zala, kapena zinyenyeswa zambiri zakuda za timbale ta klatchi, ndiwo umboni weniweni wakuti giyabokosi iyenera kutsitsidwa.

Ngakhale umboniwo utapezeka, funso loti chinaipha n'chiyani limakhala lisanayankhidwe, ndipo yankho lake kawirikawiri ndi kutentha. Oyilo wa giyabokosi amagwira bwino ntchito pa madigiri pafupifupi 80, ndipo akamapitirira pamenepo kwa nthawi yaitali amawonongeka msanga. Sienta inapangidwira anthu osapitirira 7, ndipo imene ikugwira ntchito ya takisi itadzaza anthu ndi katundu kupyola muyeso, n'kumakwera zitunda zonga za Chiweta, za Golomoti kapena zochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre m'mwezi wa October, imatenthetsa oyilo wake tsiku lililonse. Kulowetsa R galimoto isanaimiretu kumawononga timbale ta klatchi, ndipo kukoka ndi chingwe galimoto yozima kwa mtunda wautali kumazunguza zitsulo za mkati popanda oyilo, popeza pampu imayenda pokhapokha injini ikulira. Galimoto yotere imafunika kunyamulidwa, kapena kukwezedwa matayala amene amalandira mphamvu.

Giyabokosi yogula kwa ophwasula magalimoto iyenera kufanana nambala ndi imene yatsitsidwa, chifukwa magalimoto a dzina limodzi amakhala ndi magiyabokosi osiyana malinga ndi chaka, kukula kwa injini, ndiponso ngati amakoka ndi matayala awiri kapena anayi. Mapaipi ndi choziziritsira oyilo ziyenera kutsukidwa kuti zinyenyeswa zakale zisalowe m'yatsopanoyo, ndipo pa magalimoto ambiri, makamaka a CVT, kompyuta imafunika kuikonzanso ndi makina kuti izolowere giyabokosi imene yaikidwa. Rediyeta imene inalowetsa madzi m'giyabokosi yoyamba, ikasiyidwa osasinthidwa, idzalowetsanso madzi m'yachiwiri.